Malonjezo a Mulungu ndi Mlimi wa Fodya

Ndidziwa kuti ena poona mutu umenewu adzati, "Uyu wayamba ulaliki Lamulungu lisanafike," nadzafulumira kutsegula tsamba la nkhani za mpira. Koma ndiwapempha kuti aleze mtima pang'ono, pakuti ine sindine mbusa kapena mkulu wa mpingo. Ndine mwana wa mlimi wa fodya monga ambiri a inu, ndipo zimene nditi ndinene zikhudza nsima yathu, fizi yathu ndi mayeso athu.

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, m'mahositelo mwathu mumamveka mau a mitundu iwiri. Alipo ena amene anena kuti, "Ine sindida nkhawa. Mulungu analonjeza kuti ana ake sadzavutika. Mabelo a bambo adzagulidwa pa mtengo wabwino, ndipo mayeso ndidzakhoza ngakhale ndisawerenge kwambiri." Aliponso ena amene anena mokwiya kuti, "Kwathu tinapemphera chaka chonse, mayi sanajombepo ku Chigwirizano, koma mabelo athu abwezedwa kawiri ndipo ine ndauzidwa kuti ndikatenge fizi kumudzi. Nanga malonjezowo ali kuti?" Woyambayo timuyesa munthu wa chikhulupiriro, ndipo wachiwiriyo timuyesa wotayika. Koma ine ndiona kuti onse awiri adwala nthenda imodzi. Sanafunse kuti Mulungu analonjeza chiyani kwenikweni, kuti adzachichita liti, ndiponso kuti afuna wolonjezedwayo azichita chiyani pamene ali kudikira.

Ife a ku Kasungu sitiyenera kuphunzitsidwa tanthauzo la lonjezo, pakuti timadya lonjezo, timavala lonjezo, ndipo timaphunzira ndi lonjezo. Taonani mlimi wa kwa Santhe, wa ku Chamama kapena wa kwa Kaluluma. Mu September, dzuwa lili kuwotcha, iye afesa mbeu ya fodya pa nazale kudambo. Mbeuyo ndi yaing'ono ngati fumbi, kotero kuti mu galamu imodzi muli njere zoposa 10,000, ndipo munthu wosadziwa angaseke poona bambo wamkulu ali kuthirira dothi lopanda kanthu mmawa ndi madzulo. Mvula ikagwa mu November kapena December aokera mbande, nathira feteleza wa ngongole, napalira, nabandira. Mu January ndi February, nthawi imene nkhokwe zakhala mbee, banja lonse lili kuthyola fodya, kusoka ndi kupachika pa mikangala m'chigafa, manja ali bii ndi phula la masamba. Pambuyo pake asankha, nadinda mabelo ndi jeke, nadikira galimoto. Msika utsegulidwa cha mu April, ndipo ndalama zifika zitadulidwa kale ngongole, mtengo wa galimoto ndi misonkho. Miyezi yonseyo mau a panyumba ndi amodzi okha: "Tikagulitsa fodya." Mwana akapempha nsapato, tikagulitsa fodya. Wa golosale akafunsa ngongole yake, tikagulitsa fodya. Aphunzitsi Aakulu akafunsa fizi, yankho ndi lomwelo.

Ndiponso tidziwa kuwawa kwa lonjezo losasungidwa. Kwa zaka zambiri mabanja ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe anali kubwera kuno kudzalima m'maesiteti monga matenanti. Anali kulandira phoso pa ngongole, nauzidwa kuti malipiro awo adzawaona fodya akagulidwa. Ambiri a iwo, chaka chitatha, anali kuwerengeredwa chimanga, mchere ndi makasu, napezeka kuti alibe ngakhale ya basi yobwerera kwao. Nkhanza imeneyi inakula kufikira Nyumba ya Malamulo inaletsa ulimi wa matenanti m'chaka cha 2021, ife tili kale pasukulu. Akuluakulu sanalakwe pamene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chotero mwana wa kuno akamva mau akuti "lonjezo" mtima wake umayamba wakayika, ndipo ine sindimdzudzula.

Koma tiyeni tifunse chimene chimaononga lonjezo la munthu. Zinthu zake ndi ziwiri. Mwina wolonjezayo ndi wabodza, analibe mtima wochita chimene ananena. Kapena ndi woona mtima koma alibe mphamvu, monga bambo amene alonjeza mwana wake njinga, matalala nadzang'amba fodya yense usiku umodzi. Lonjezo lilemera monga mwini wake. Tsono Mkhristu akhulupirira kuti mwa Mulungu zofooka ziwirizi mulibe. Buku la Numeri pa mutu 23 litiphunzitsa kuti Iye sali ngati ife amene tinama ndi kusintha maganizo, ndipo amene analenga mvula ndi dzuwa sangalepheretsedwe ndi matalala. Apa ndi pamene ine ndiima, ndipo ndinena poyera kuti kukhulupirira malonjezo a Mulungu ndi nzeru. Koma pali zinthu zitatu zimene tiyenera kuzigwira bwino, kuopa kuti chikhulupiriro chathu chingasanduke ulesi kapena mkwiyo.

Choyamba, tidziwe chimene chinalonjezedwa. Mlimi amene alima fodya pa mgwirizano ndi kampani, ngati ali wanzeru, awerenga pepala lonse asanasainire. Sangapite kukafuna ng'ombe pamene papepala panalembedwa feteleza ndi mbeu. Nanga bwanji ife tifuna kwa Mulungu zinthu zimene sitinaone pamene Iye anazilemba? Chitatha chigumula Iye anauza Nowa kuti nyengo zofesa ndi zokolola zidzapitirira masiku onse a dziko lapansi. Analonjeza kukhululukira munthu wolapa, kupatsa nzeru amene aipempha, kukhala ndi anthu ake m'mavuto osawataya, ndi kuukitsa akufa tsiku lomaliza. Amenewa ndi malonjezo akulu, oposa mabelo onse a ku Chinkhoma. Koma palibe pamene analonjeza kuti kilogalamu ya fodya idzagulidwa pa madola atatu, kapena kuti aliyense wa SCOM ndi YCS adzapeza mapointi 6 pa mayeso a MSCE, kapena kuti m'nyumba ya Mkhristu simudzalowa malungo. Ambuye Yesu mwini wake anachenjeza ophunzira ake kuti adzakumana ndi masautso pansi pano, ndipo Paulo anapempha katatu kuti chowawa china chimchoke, koma sichinachoke. Anapatsidwa mphamvu yakuchisenza.

Pa mutu 28 wa buku la Yeremiya pali nkhani imene ndifuna kuti wophunzira aliyense aiwerenge. Pamene Ayuda ena anatengedwa ukapolo ku Babulo, kunaoneka mneneri dzina lake Hananiya, amene anauza anthu m'Kachisi kuti pasanathe zaka 2 akapolowo adzabwerera ndi ziwiya zonse zimene zinalandidwa. Anthu anakondwa ndithu, pakuti ndani safuna uthenga wotere? Koma Yeremiya analembera akapolowo kalata yakuti zaka zake ndi 70. Mau a Hananiya anali okoma m'khutu koma sanachokere kwa Mulungu, ndipo iye anafa chaka chomwecho. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Masiku ano a Hananiya achuluka. Alipo ogulitsa madzi ndi mafuta "odzozedwa" kwa alimi kuti awaze pa mabelo, ndipo nyengo ya mayeso ikayandikira tiona anzathu ena ali ndi zolembera zimene anazigula kwa aneneri pa mtengo woposa wa buku la masamu. Munthu wotere akalephera amati Mulungu wamnamiza. Iai, mnzanga, wakunamiza ndi amene anakugulitsa cholemberayo. Kumbukirani kuti ngakhale Satana, poyesa Ambuye pamwamba pa Kachisi, anatenga lonjezo lenileni la mu Salmo 91 nafuna kuti Iwo adziponye pansi. Ambuye anakana, natiphunzitsa kuti kudziika dala pangozi ndi kuyesa Mulungu. Wophunzira amene agona nthawi ya kuwerenga, nati angelo adzamgwira m'chipinda cha mayeso, ali kudumpha kuchokera pa Kachisi yemweyo.

Chachiwiri, tidziwe kuti lonjezo lili ndi nyengo yake. Palibe mlimi amene afesa Lolemba nafuna kudinda belo Lachisanu. Wothyola tsamba lisanakhwime aononga giredi yake, ndipo wotsitsa fodya m'chigafa msempha usanaume amuoletsa m'belo. Yakobo m'kalata yake, pa mutu 5, atenga chitsanzo chomwechi cha mlimi wodikira mvula. Abrahamu anali ndi zaka 75 pamene anaitanidwa kuchoka ku Harana, koma Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Zaka 25 zathunthu anangogwira mau okha. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, msinkhu wathu womwe uno, ndipo anaimirira pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Pakati pa loto lake ndi kukwaniritsidwa kwake panali dzenje, ukapolo, bodza la mkazi wa Potifara ndi ndende.

Sitisowa kupita kutali kuti tipeze zitsanzo, pakuti mbiri ya mpingo m'dziko lathu lomwe lino ili nazo. Amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala mu October 1875. Zitatha zaka zisanu anali ndi manda a anzao amene anafa ndi malungo, koma wobatizidwa analibe. Munthu woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu March 1881, chaka chomwe anasamukira ku Bandawe. Wowerengera phindu akadati, "Ntchito iyi yalowa pansi, tiyeni tibwerere." Koma Dr Robert Laws anakhala m'dziko muno zaka 52, kufikira 1927, namanga sukulu yaikulu ya ku Khondowe kuyambira 1894. William Koyi, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, anafera ku Njuyu mu 1886 asanaone Angoni ambiri atalandira Uthenga umene anaupirira. Pofika 1900 Dr George Prentice anali atayamba ntchito kuno ku Kasungu, ndipo m'masukulu a mishoni imeneyo munaphunzira mnyamata Kamuzu Banda. A Dutch Reformed anayamba ku Mvera pa 28 November 1889, koma Baibulo lathunthu m'chinenero chathu, limene William Murray ndi anzake a kuno ndi a kunja analivutikira zaka zambiri, linatuluka mu 1922. Ife amene lero tiimba m'tchalitchi chodzaza ndi kuwerenga m'kalasi tili kudya zipatso za mitengo imene odzala ake sanakhale pamthunzi pake.

Choopsa cha munthu wosadikira ndi chakuti afuna kuthandiza Mulungu ndi njira zachidule. Sara ataona kuti zaka zili kupita anapereka Hagara kwa mwamuna wake, ndipo mnyumbamo munalowa nsanje ndi kulira. Njira yachidule ya mlimi ndi kuika miyala, zitsotso kapena fodya woipa pakati pa belo kuti lilemere. Zotsatira zake ndi zakuti ogula akayikira mabelo a alimi onse, ndipo osalakwa avutikira pamodzi ndi olakwa. Njira yachidule ya wophunzira ndi likasa. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti dzina la bokosi lopatulika limene linasunga pangano la Mulungu taliika pa kapepala kobera mayeso! Ndipo tidziwa kumene njira imeneyi itifikitsa. Mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa dziko lonse chifukwa mapepala anali atabedwa ndi kufalitsidwa, ndipo ophunzira onse, okhulupirika ndi akuba omwe, anakalembanso mu January 2021. Munthu amene apemphera usiku, mmawa nalowa ndi likasa m'sokosi, waonetsa poyera kuti chimene akhulupirira ndi sokosi yake. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachitatu, wokhulupirira lonjezo agwira ntchito. Ena aganiza kuti chikhulupiriro ndi kupinda manja, koma Baibulo litionetsa zosiyana. M'kalata ija ya zaka 70, Yeremiya sanauze akapolo kuti akhale pansi aziyang'ana njira ya ku Yerusalemu. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kufunira zabwino mudzi wa adani ao. Ndipo iye mwini, pamene ankhondo a Babulo anazinga mzinda, iye ali m'ndende, anagula munda ku Anatoti ndi masekeli 17 a siliva, nasunga makalata ake mumphika wadothi. Anansi ake ayenera kuti anamuyesa wamisala, pakuti ndani agula munda umene adani aupondapo? Koma iye anakhulupirira kuti Mulungu adzabwezera anthu ake kwao, ndipo chikhulupiriro chakecho chinatulutsa ndalama m'thumba. Momwemonso Yosefe atadziwa kuti kudza njala ya zaka 7 sanaitanitse mapemphero okha. Anamanga nkhokwe nasunga limodzi la magawo asanu a zokolola.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha William Kamkwamba wa ku Wimbe. Njala ya 2002 inamchotsa ku sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. Iye sanakhale pa sitolo kudandaula. Anapita ku laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulaimale, nayang'anitsitsa zithunzi za m'mabuku a Chingerezi chimene sanali kuchimva bwino, natola zitsulo zotayidwa, mbali za njinga ndi mitengo ya bulugama, napanga makina a mphepo opatsa magetsi panyumba pao ali ndi zaka 14. Anthu anamuyesa wopenga. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha, mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 nkhani yake inaonetsedwa pa kanema dziko lonse. Sindinena kuti aliyense wa ife adzafika ku America. Ndinena kuti thandizo linampeza ali pantchito, monga mvula ithandiza mlimi amene mizere yake ili yokonzeka. Pa nazale yosafesedwa, ngakhale igwe mvula yotani, pamera udzu wokha.

Ndiponso lonjezo lija la kwa Nowa silitipatsa chilolezo choononga dziko. Fodya wa kampopi afuna nkhuni zambiri m'mabalani, ndipo zigafa za fodya wa bale zifuna mitengo chaka ndi chaka. Agogo athu atiuza kuti malo ambiri amene lero tiona mbee anali nkhalango ya misuku ndi mitondo. Ngati tidula zonse osadzala, mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Rusa nidzaza mchenga, sitingaimirire ndi kunena kuti Mulungu waiwala pangano lake. Iye analonjeza nyengo, koma munda anaupereka kwa munthu kuti aulime ndi kuusunga.

Tsopano ndifika pa funso lolemera limene sindifuna kulizemba, pakuti ndikalizemba anzanga okayika aja adzati ndasankha zitsanzo zokoma zokha. Funso ndi ili: nanga aja anakhulupirira, nagwira ntchito, nadikira, komabe anafa? Makolo athu sanaiwale miyezi ya January ndi February 2002, pamene boma lathu la Kasungu linali limodzi la maboma ovutika koposa. Anthu anadya mizu ya nthochi ndi gaga, anagulitsa mbuzi, njinga ndi malata pa mtengo wa chabe, ndipo mtengo wa chimanga unakwera kuchoka pa K4 kufika pa K40 pa kilogalamu. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 27 February 2002, maliro atachuluka kale m'midzi. Pakati pa akufawo panali akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi ana obatizidwa. Kodi Mulungu anali kuti?

Ndiyankha m'magawo awiri. Gawo loyamba ndi lakuti tisafulumire kuika pa Mulungu mlandu wa anthu. Njala isanafike, chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa. Zimene Yosefe anasunga ku Ejipito ife tinazimwaza, ndipo ena analemera pogulitsa chimanga kwa anjala pa mtengo wokwera. Yakobo yemwe uja, amene atiuza kuti tileze mtima ngati mlimi, pa mutu womwewo achenjeza eni minda amene amana antchito malipiro ao, nati kulira kwa antchitowo kwafika kwa Ambuye. Chotero Mulungu sanatseke maso pa tenanti wobwerera chimanjamanja. Analonjezanso chiweruzo, ndipo lonjezo limenelonso lidzasungidwa.

Gawo lachiwiri ndi lakuti Baibulo silibisa imfa ya olungama. Kalata ya kwa Ahebri pa mutu 11 iwerenga anthu a chikhulupiriro amene anapulumuka ku lupanga ndi ku mikango, koma iwerenganso ena amene anaponyedwa miyala ndi kufa ali osauka, ndipo onsewo iwatcha okhulupirira. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauza Nebukadinezara kuti Mulungu angathe kuwalanditsa m'ng'anjo, koma ngakhale asawalanditse, fanolo sadzaligwadira. Mneneri Habakuku anatsimikiza kukondwera mwa Mulungu wake ngakhale minda ikane ndi makola akhale opanda ziweto. Anthu amenewa sanali pa malonda ndi Mulungu. Ndipo pamwamba pa zonse pali mtanda. Lachisanu lija ophunzira anaona ngati malonjezo onse akwiriridwa m'manda, koma tsiku lachitatu anazindikira kuti imfa siili malire a mphamvu ya Mulungu. Ngati moyo uthera kumanda, ndiye kuti agogo athu amene anafa ndi njala ali kupemphera ananyengedwa. Koma ngati Khristu anauka, monga ife Akhristu tivomereza, msika wao sunatsekedwe, ndipo belo lao silidzabwezedwa.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchiona, ndicho chakuti kawirikawiri Mulungu asunga malonjezo ake ndi manja a anthu. Mu 2002 ambiri anapulumuka ndi phala limene mipingo ndi mabungwe anali kuphika, ndiponso ndi mbale ya ufa imene mnansi anagawira mnansi mnzake usiku. Yakobo adzudzula munthu amene auza waumphawi kuti apite ndi mtendere osampatsa chovala kapena chakudya. Tsono mnzathu wa m'hositelo akabwera kuchokera kutchuthi wopanda sopo, wopanda shuga, mabelo a kwao atabwezedwa, si bwino kungomuuza kuti, "Limba mtima, Mulungu adzakupatsa," ife tili kutseka sutikesi yodzaza ndi loko. Kapena sopo wako ndiye yankho la pemphero lake. Ndipempha atsogoleri a SCOM ndi YCS, mothandizidwa ndi aphunzitsi athu, kuti aganizire zoyamba thumba laling'ono lothandiza anzathu otere, ndiponso kuti tilime dimba la masamba kuseri kwa khitchini kuti thumbalo lisamadalire kupemphetsa. Ndipemphanso kuti amene apita kumudzi chifukwa cha fizi tizimulembera manotsi, kuti pobwera asapeze anzake atamusiya kutali.

Potsiriza, anzanga, ngati tipembedza Mulungu wosunga mau ake, nafenso tikhale anthu osunga mau athu. Mawa lino ena a ife tidzakhala eni maesiteti, ena ogula fodya, ena makalaliki a pa sikelo, ena alangizi a zaulimi, ena aphungu a Nyumba ya Malamulo. Pamenepo anthu osauka adzadalira mau otuluka pakamwa pathu monga makolo athu adalira mau a ena lero. Tisalonjeze mopupuluma pofuna kutamandidwa, pakuti tonse tidziwa kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Koma chimene talonjeza mwachilungamo tichichite, ngakhale chitipweteke. Tiyambe ndi zazing'ono za pasukulu pano: buku lobwereka libwezedwe tsiku lake, ngongole ya pa kantini ilipidwe, ndipo mau amene tinauza makolo athu potsanzikana, akuti tidzalimbikira sukulu, asakhale a mphepo.

Kwa mnzanga amene mtima wako wasweka chifukwa cha msika wa chaka chino ndinena kuti, usataye Mulungu chifukwa cha lonjezo limene Iye sanapange. Tsegula Baibulo lako, ufufuze wekha chimene chinalembedwa, ndipo udzapeza kuti sanakusiye. Kwa mnzanga amene wapinda manja podikira chozizwitsa ndinena kuti, belu la kuwerenga lalira, nyamula mabuku ako. Ndipo tonse pamodzi tikumbuke atate athu ndi amayi athu amene, ngakhale msika uwakhumudwitse chotani, September akafika atsikiranso kudambo ndi kheni m'manja kukathirira mbeu imene maso sangaione. Ngati iwo achita zotere chifukwa cha mau a ogula amene asintha chaka ndi chaka, koposa kotani ife amene tili ndi mau a Iye amene sasintha?

Amene ali ndi maganizo osiyana ndi anga alembe m'magazini otsatira kuti tiphunzitsane, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Wophunzira wa Fomu 3